Kuyamba kusaka agwape m'nkhalango za boma ku Pennsylvania

Loweruka lotsatira tsiku la chikondwerero cha Thanksgiving, kumapeto kwa Novembala, anthu a m'mapiri a chigawo cha Pennsylvania ku America sagona tulo tokwanira. Kunja kusanayere n'komwe, magalimoto amakhala atandandalika kale m'mbali mwa misewu yolowa m'nkhalango, timatochi tikuoneka tikukwera mapiri uku ndi uko. Limeneli ndi tsiku lotsegulira nyengo yosaka agwape ndi mfuti. Kale linkakhala Lolemba, moti sukulu zambiri za kumidzi zinkatseka, koma kuyambira 2019 analisunthira Loweruka. Ambiri mwa alenjewa alibe munda kapena tchire lawolawo. Amasaka pa malo a boma, omwe aliyense wokhala ndi laisensi amaloledwa kulowamo, ngakhale amene sanagwirepo mfuti chibadwire.

Kwa ife amene tinakulira kumene kupezeka ndi khwekhwe kapena mfuti ku Liwonde, ku Kasungu kapena ku Majete ndi mlandu wolowa nawo m'ndende, zimenezi zimamveka zachilendo. Boma lingalole bwanji anthu kulowa m'nkhalango yake ndi mfuti, nyama n'kukhala zosatha? Yankho lake lili m'mbiri ya chigawochi. Pofika zaka za m'ma 1890, agwape anali atatsala pang'ono kutheratu ku Pennsylvania chifukwa cha anthu opha nyama zogulitsa m'misika komanso makampani odula mitengo. Mu 1895 anakhazikitsa bungwe la Pennsylvania Game Commission. Mu 1906 bungweli linayamba kuitanitsa agwape amoyo kuchokera ku Michigan, ndipo chaka chotsatira analetsa kupha agwape aakazi. Mu 1913 anayambitsa laisensi ya dola imodzi, ndipo ndalama za malaisensi ndi zimene zinagulira malo oyamba osakirako mu 1920, m'boma la Elk. Lero malo amenewa, otchedwa State Game Lands, ndi okwana maekala pafupifupi 1.5 miliyoni. Kuwonjezera apo pali nkhalango za chigawo zokwana maekala 2.2 miliyoni, ndi Allegheny National Forest ya maekala opitirira theka la miliyoni. Kuyambira 1937, lamulo la Pittman-Robertson limapereka msonkho wa 11 peresenti wa pa mfuti zazitali ndi zipolopolo ku ntchito zosamalira nyama zakutchire. Kugulitsa nyama ya gwape wakutchire n'koletsedwa mpaka pano.

Zimenezi zinathandiza mpaka kupitirira muyeso. Mimbulu ndi mikango ya m'mapiri yomwe inkadya agwape inatha kalekale m'chigawochi, choncho agwape anaswana kwambiri moti amadya timitengo tonse tongophuka, kuwononga minda ndi kugundidwa ndi magalimoto usiku. M'zaka zaposachedwa alenje akhala akupha agwape opitirira 400,000 pa chaka, koma gululo silikutha. Ndiye munthu amene akuyamba kusaka adziwe kuti akulowa m'ntchito yowerengeredwa, yomwe ili ndi malire pa chilichonse: tsiku, ola, chida, dera ndi mtundu wa nyama.

Nyama yake ndi gwape wa mchira woyera, amene eni dziko amamutchula kuti whitetail. Ndi wamkulu kutalitali kuposa gwape wa kwathu. Akadzidzimuka amaimika mchira, kunsi kwake koyera mbee, n'kuthawa chodumphadumpha. Wamphongo yekha ndiye amamera nyanga za nthambi, ndipo nyangazo zimagwa chaka chilichonse nyengo yozizira ikamatha, zina n'kumeranso.

Choyamba si kugula mfuti. Aliyense amene akufuna laisensi koyamba ayenera kuchita maphunziro otchedwa Hunter-Trapper Education n'kukhoza mayeso ake. Amaphunzitsa kagwiridwe ka mfuti, malamulo ndi khalidwe la m'tchire. Palinso njira ina imene ine ndimaiona kuti ndi yabwino kwambiri kwa munthu wamkulu amene sanakulire m'banja la alenje: chilolezo chosaka moperekezedwa ndi mlenje wodziwa. Pennsylvania inayambitsa dongosololi mu 2006 kwa ana, kenako linafikiranso akuluakulu. Tsiku limodzi lokhala pambali pa munthu amene wasaka mapiri amenewo zaka zambiri limaphunzitsa zinthu zimene simungazipeze pa YouTube.

Abale athu amene ali ku America pa viza ya sukulu kapena ya ntchito asamale kwambiri apa. Lamulo la dziko lonse limaletsa munthu wa viza yotere kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimamumasula ndi kukhala ndi laisensi yosakira imene ikugwira ntchito. Laisensiyo ikatha mphamvu mfuti idakali m'nyumba, munthu walowa m'mlandu waukulu womwe ungamuchotsetse m'dzikomo. Amene ali ndi green card lamulo limeneli silimukhudza. Musanagwire mfuti ya mnzanu ngakhale kongoyeserera, funsani wodziwa malamulo za pepala lanu.

Laisensi ya ku Pennsylvania imayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni. Imabwera ndi kachiphaso kamodzi ka gwape wamphongo. Chigawo chonse anachigawa m'madera osakirako opitirira 20, lililonse ndi nambala yake monga 2G kapena 4D, ndipo wofuna kupha gwape wamkazi amagula chilolezo china chogwira ntchito m'dera limodzi lokha. Zilolezozi zimakhala zowerengeka, madera ena zimatha msanga. Wamphongonso si aliyense amene mungamuombere. Kuyambira 2002, m'madera ambiri ayenera kukhala ndi nthambi zosachepera zitatu pa nyanga imodzi, ndipo kumadzulo kwa chigawochi lamulo lake ndi lokhwimirapo. Cholinga n'chakuti amphongo a chaka chimodzi apulumuke akule. Kwa wongoyamba kumene, kuwerenga nthambi pa nyama imene ikuyenda m'zitsamba, mtima ukugunda, n'kovuta zedi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti gwape wanu woyamba akhale wamkazi. Alipo ambiri, nyama yake ndi yofewa, ndipo kuchepetsa aakazi ndi kumene kumapumitsa nkhalango. Palibe chamanyazi pamenepo, ngakhale zithunzi za pa Facebook zimangoonetsa nyanga.

Zinthu zina zimene ife tinazolowera pa uzimba kuno n'zoletsedwa kotheratu. Simungathamangitse gwape ndi agalu, simungatchere msampha, simungatenthe tchire, simungasake usiku ndi tochi. Kuthira chimanga kapena mchere kuti nyama ibwere n'koletsedwanso pa malo a boma. Nthawi yosaka imayamba mphindi 30 dzuwa lisanatuluke n'kutha mphindi 30 litalowa. Ndi mfuti simuloledwa kusaka pa mtunda wosakwana mamita 137 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu popanda chilolezo cha mwini wake. Ndi uta mtundawo ndi mamita 46.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni, yomwe ndi kudziwa malo. Nkhalango ya boma ndi yaikulu, koma agwape sakhala paliponse. Munthu amatha kukhala pansi pa mtengo m'nkhalango yokongola, ya mitengo italiitali yooneka patali, mlungu wathunthu osaona kanthu. Malo otero alibe chakudya chofikirika ndiponso alibe pobisala. Gwape amafuna zinthu ziwiri: podya ndi pogona, ndipo moyo wake wonse ndi kuyenda pakati pa malo awiriwa, makamaka m'mawa kwambiri ndi madzulo kuli chisisira. Ntchito ya mlenje ndi kupeza njira imeneyo.

Yambani ndi mapu muli kunyumba. Bungwe la Game Commission lili ndi mapu a malo ake pa intaneti, ndipo mapulogalamu a pafoni monga onX Hunt amaonetsa malire a malo a boma ndi a anthu, komanso kukwera ndi kutsika kwa mapiri. Funafunani mipata ya pakati pa zitunda, pamene phiri latsika pang'ono, chifukwa nyama imadutsa posavuta kukwera. Funafunani timalo tathyathyathya ta m'mbali mwa phiri, mitu ya makwawa, ndi malire a pakati pa nkhalango yakale ndi pamene anadula mitengo zaka zochepa zapitazo. Malo odulidwawo amamera ziyangoyango zothithikana, zomwe ndi chakudya komanso nyumba ya gwape nthawi imodzi. M'mapiri a Pennsylvania mulinso chitsamba chotchedwa mountain laurel, chobiriwira chaka chonse, chopiringizana moti munthu amadutsamo chokwawa. Mmenemo ndi mmene agwape amagona mfuti zikayamba kulira.

Mapu akakupatsani malo atatu kapena anayi, pitani mukawaponde ndi mapazi nyengo isanatsegulidwe. Yendani pang'onopang'ono maso ali pansi. Mudzaona tinjira topapatiza topondedwa ndi ziboda zogawanika, ndowe za timibulu, ndi timalo tozungulira pamene masamba aphwatalala chifukwa nyama inagonapo. Ndowe zonyezimira ndi zofewa ndi za lero kapena dzulo, zouma zotuwa ndi zakale ndipo sizikuuzani kanthu za mlungu uno. Timitengo tokhala ndi khungwa losupuka cha m'mawondo ndi pamene wamphongo ankakhuzira nyanga. Mukapeza pansi popalasidwa mpaka dothi kuoneka, pamwamba pake pali kanthambi kolendewera kotafunidwa, amenewo ndi malo amene amphongo amasiyapo fungo lawo, makamaka kumapeto kwa Okutobala. Pakati pa Novembala ndi pamene nyengo yokwerana imafika pachimake, ndipo amphongo amene nthawi zonse amayenda usiku amayamba kuoneka masanasana akulondola aakazi.

Yang'ananinso m'mwamba. Chakudya chachikulu cha nyengo imeneyi m'nkhalango ndi mtedza wa mitengo ya oak. Wa oak woyera, wa masamba a nsonga zobulungira, suwawa kwambiri ndipo agwape amayamba ndi umenewo. Wa oak wofiira, wa masamba osongoka, ndi wowawirako koma umakhalitsa pansi. Mitengoyi sibereka mofanana chaka chilichonse, choncho phiri limene linali ndi nyama chaka chatha likhoza kukhala lopanda kanthu chaka chino. Mtengo umene pansi pake pali makoko ophwanyidwa kumene ndi ndowe zatsopano ndi wofunika kuposa chizindikiro china chilichonse.

Mukamayenda choncho samalani malire. Malo a State Game Lands ndi nkhalango za chigawo amawazindikiritsa ndi penti yoyera pa mitengo. Mukaona penti yapepo, amenewo ndi malo a munthu ndipo akutanthauza kuti musalowe. Lamulo limeneli linayamba kugwira ntchito mu 2020. Samalaninso nkhupakupa, chifukwa Pennsylvania ndi chimodzi mwa zigawo zimene matenda a Lyme ndi ofala kwambiri. Pisirani thalauzi m'masokosi, ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni thupi lonse.

Ngakhale mutapeza malo abwino chotani, mphepo ikakulakwirani zonse zapita pachabe. Gwape amaona kuyenda kwa chinthu msanga ndipo amamva bwino, koma chimene amachikhulupirira kotheratu ndi mphuno yake. Akaona chinthu chokayikitsa amatha kuima, kupondaponda mwendo pansi, n'kuyang'anitsitsa. Akamva fungo la munthu safunsanso, amangofwenthera mwamphamvu n'kuzimiririka, nthawi zambiri inu musanamuone n'komwe. Sopo ndi mankhwala opopera amene amagulitsa m'masitolo angachepetse fungo pang'ono, koma sangalithetse. Njira yake ndi imodzi: khalani poti mphepo izichokera kumene mukuyembekezera nyama n'kumakuombani kumaso. Ndipo ganizirani njira yolowera, chifukwa ngati mwadutsa ndi fungo lanu pamwamba pa malo amene agwape agona, mwawathamangitsa musanakhale n'komwe pansi.

M'mapiri mphepo ili ndi khalidwe lina limene za nyengo za pafoni sizinena. M'mawa dzuwa likayamba kutenthetsa mtsetse, mpweya umakwera phiri. Madzulo kukayamba kuzizira, umatsetsereka kulowera kukhwawa, utanyamula fungo lanu. Choncho m'mawa dzuwa likakwera ndi bwino kukhala kumtunda kwa njira ya nyama, madzulo kumunsi kwake. Alenje ambiri amayenda ndi kabotolo ka ufa wopepuka kapena thonje la chomera cha milkweed. Mukaulutsa kachidutswa kamodzi, mudzakaona kakuyandama, kukhota pa mtengo, kubwerera, kenako kutsika ndi khwawa. Kumene kapitako ndi kumene fungo lanu likupita. M'makwawa akuya mphepo imazungulirazungulira, ndipo ngakhale muli zizindikiro zambiri, wongoyamba achite bwino kuwapewa.

Chinthu chimene chimasiyanitsa malo a boma ndi munda wa munthu ndi anthu anzanu. Simudzakhala nokha. Ofufuza a ku yunivesite ya Penn State atatsatira alenje m'nkhalango ya Sproul anapeza kuti ochuluka sapitirira theka la kilomita kuchokera pa msewu, ndipo amapewa malo otsetsereka kwambiri. Agwape omangidwa makolala a GPS aonetsanso kuti nyengo ya mfuti ikangoyamba amathawira m'malo okwera movuta ndi othithikana, n'kumakhala phee masana onse. Izi zikutanthauza kuti kuyenda kilomita imodzi yowonjezera, kuwoloka kamtsinje kapena kukwera mtsetse umene ena akuuopa kumakusiyanitsani ndi gulu. Si nthawi zonse pofunika kupita kutali. Kachigawo kothithikana ka pafupi ndi msewu, komwe aliyense amangokadutsa pothamangira mkati, nthawi zina ndi komwe kuli nyama. Anthu enawo angakuthandizeninso osadziwa. Cha m'ma 10 koloko ambiri amakhala atazizidwa, n'kunyamuka kubwerera ku magalimoto kukamwa khofi, ndipo poyendapo amadzutsa agwape. Amene wapirira pamalo pake mpaka masana ndi amene amawaona akudutsa.

Pali ulemu wake wa m'tchire womwe suli m'buku la malamulo. Mukafika pamalo amene munasankha n'kupeza wina wakhalapo kale, kapena wakuthwanimitsirani tochi mumdima, malowo ndi ake tsiku limenelo. Kwezani dzanja, bwererani mwakachetechete, pitani kwina. Ichi n'chifukwa chake muyenera kukhala ndi malo angapo m'mutu. Kukangana ndi munthu wonyamula mfuti chifukwa cha mtengo umodzi n'kupanda nzeru.

Pa nyengo ya mfuti lamulo limafuna kuti muvale nsalu ya mtundu wa olenji wowala kumutu, pachifuwa ndi kumsana, yooneka mbali zonse, yomwe kukula kwake konse pamodzi kusachepere pafupifupi masentimita 40 m'litali ndi 40 m'lifupi. Chipewa ndi vesiti zimakwanira. Maso a gwape sausiyanitsa bwino mtundu umenewu, koma mlenje mnzanu amauona ali patali. Musaombere phokoso, mthunzi kapena kugwedezeka kwa chitsamba. Onani nyama yonse, onaninso chimene chili kuseri kwake, ndipo musaombere nyama imene yaima pamwamba pa chitunda kumbuyo kwake kuli thambo lokha. Komabe ngozi zimene zimavulaza alenje ambiri a agwape si za mfuti, ndi kugwa kuchokera pa tinsanja ta m'mitengo. Ngati mukwera, dzimangirireni lamba kuyambira pochoka pansi mpaka potsika, ndipo mfuti muziikoka ndi chingwe mulibe chipolopolo. Pa malo a boma simuloledwa kukhomera misomali kapena zitsulo mu mtengo, ndipo kansanja kosiyidwa kayenera kukhala ndi chizindikiro cha mwini wake. Ine ndinganene kuti chaka choyamba khalani pansi, msana mutatsamira mtengo waukulu, ndi kakhushoni kotchinga chinyezi. Uzani wina kunyumba kumene mwapita ndi nthawi yobwerera, chifukwa m'makwawa ambiri netiweki kulibe.

Za mfuti sindichulutsa. Ku Pennsylvania mfuti za mtundu wa rifle zodzilowetsera zokha chipolopolo siziloledwa pa agwape, choncho anthu amagwiritsa ntchito zokoka ndi dzanja. Za zipolopolo za saizi ya .243, .308 kapena .30-30 zonse zimakwanira. Chofunika n'kuiyesa pa bwalo loomberapo mpaka mutadziwa pamene imamenya, ndipo malo ena a State Game Lands ali ndi mabwalo otere omwe wokhala ndi laisensi amalowa ulere. Wokonda bata angayambe ndi uta, poti nyengo yake imatsegulidwa cha kumayambiriro kwa Okutobala kusanazizire ndipo anthu amakhala ochepa, koma uta umafuna kuti nyama ifike pafupi kwambiri.

Gwape akabwera, dikirani aime chopingasa. Lozani kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pang'ono kunsi kwa pakati pa thupi, pamene pali mapapo ndi mtima. Musalozere kumutu, pakhosi kapena nyama imene ikuthamanga. Kuvulaza nyama n'kuisiya ikafere kutali patapita masiku ndi chinthu choipitsitsa chimene mlenje angachite. Mukaomba musadzuke. Ngakhale yolasidwa bwino imatha kuthamanga mamita 50 kapena 100. Sungani m'maso pamene inaima ndi mtengo umene munaionera komaliza, dikirani mphindi 30, kenako pitani mukaone magazi. Ofiira motuwira okhala ndi thovu ndi a m'mapapo, nyamayo ili pafupi. Akuda bii ndi a chiwindi, ipatseni maola angapo. Mukaona zobiriwira zonunkha, chipolopolo chadutsa m'mimba. Bwererani ndipo mudikire nthawi yaitali, chifukwa mukaithamangitsa idzadzuka n'kupita kutali komwe simudzaipezanso. Kuyambira 2018 chigawochi chimalola galu womangidwa chingwe kuthandiza kulondola nyama yolasidwa.

Mukaipeza, musanaisunthe lembani kachiphaso kanu n'kukamangirira kukhutu. Kenako itumbuleni pomwepo kuti kutentha kutuluke: ng'ambani khungu la pamimba mpeni utayang'ana m'mwamba, zala ziwiri zikukankhira matumbo pansi kuti musaboole chifu kapena chikhodzodzo. Apa ndi pamene kilomita yowonjezera ija imabwezera. Gwape wamkazi wotumbula amalemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo misewu yambiri ya mkati mwa nkhalangozi ndi yotseka kwa magalimoto. Mudzamukoka nokha ndi chingwe, kudutsa miyala ndi mitengo yakugwa. Musanasankhe malo, dzifunseni ngati mungatulutsemo nyama, ndipo ngati n'kotheka sakani kumtunda kwa pamene mwaimika galimoto kuti pobwerera muzitsetsereka. Nyamayo iyenera kuzizira msanga kufika pa madigiri 4 kapena kutsika apo. Pasanathe masiku 10 muyenera kudziwitsa a Game Commission kuti mwapha, pa intaneti kapena pa foni, chifukwa ziwerengero zimenezi zimathandiza poona kuchuluka kwa zilolezo za chaka chotsatira. Nyama ikakuchulukirani, bungwe la Hunters Sharing the Harvest, lomwe linayamba mu 1991, limailandira kudzera m'mabutchala ena n'kuigawa kwa osowa chakudya.

Chomaliza choti muone pa mapu musanapite ndi ngati dera lanu lili m'gulu la madera okhudzidwa ndi matenda a CWD, omwe anapezeka koyamba ku Pennsylvania mu 2012. Matendawa amawononga ubongo wa gwape, alibe mankhwala, ndipo nyama imatha kukhala nawo miyezi yambiri ikuoneka yathanzi. Kuphika sikupha chimene chimawayambitsa. Palibe munthu amene anapezekapo nawo, komabe a zaumoyo amalangiza kusadya nyama ya gwape amene wapezeka ndi matendawa. M'madera amenewo muli malamulo oletsa kutuluka ndi mutu, fupa la msana ndi kapamba, ndipo a Game Commission amaika mabini m'mbali mwa misewu momwe mumaponyamo mutu wa gwape uli ndi kachiphaso kake kuti akaupime ulere. Nyamayo isungeni mufiriji payokha, mutailemba tsiku, mpaka zotsatira zitatuluka.